Chokokera utsi chopanda paipi n'chokongoletsera chabe

M'nyumba zambiri zimene zikumangidwa masiku ano ku Area 49 mu Lilongwe kapena ku Chileka ndi Machinjiri mu Blantyre, khitchini ili m'kati. Pamwamba pa kuka pakumaikidwa chipangizo chonyezimira chokhala ndi fani ndi getsi, chimene m'masitolo amachitcha cooker hood kapena extractor. Ntchito yake ndi kukoka utsi, nthunzi ndi fungo la zophika n'kuzitaya kunja. Tsoka ilo, zambiri zikungokhomedwa pakhoma popanda njira yotulutsira zimene zakokazo. Fani imalira, getsi limayaka, mmisiri amalandira zake n'kumapita, utsi uli m'nyumba momwemo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ogula ambiri amathera mphamvu ponenerera mtengo wa chipangizocho, osadziwa kuti mtengo wa pashelefu ndi chiyambi chabe. Pamafunikanso paipi, bowo pakhoma, chivindikiro cha kunja, soketi ndi malipiro a mmisiri. Ngati ndalama zili zoperewera, ndi nzeru kugula chokokera utsi chotsika mtengo n'kuchiika bwino kusiyana ndi kugula chodula n'kuumira pa paipi, chifukwa ntchito yeniyeni ili pa paipipo.

Chinyengo chofala kwambiri ndi cholowetsa paipi mu siling'i n'kuisiya momwemo. Poyang'ana pansi zonse zimaoneka zaudongo, koma m'denga mukuunjikana mavuto. Nthunzi ikagunda malata ozizira, makamaka usiku wa mu June ndi July, imasanduka madzi n'kumadonthera pa siling'i, mpaka mabodi kuchita mawanga, chuku n'kuyamba kufumbwa. Mafuta a chipisi, nsomba ndi mandasi amamatirira pa matabwa a denga ndi pa mawaya a magetsi, n'kuitana mphemvu ndi makoswe. Moto ukabuka pa kuka, umapeza njira yokonzeka kale yokwerera kudenga. Paipi iyenera kutulukira kunja kwa nyumba, pakhoma kapena pamwamba pa denga, ndipo isayang'anizane ndi windo lomwe lingabwezere utsiwo m'nyumba.

Kukula kwa paipi nakonso n'kofunika. Zipangizo zambiri zili ndi kamwa la mamilimita 150, zina 125 kapena 120. Amisiri ena amatenga paipi ya mamilimita 110, ija ya kuchimbudzi, poti ndiyo imapezeka paliponse ndipo mwina yatsala pomanga. Mpata wa paipi yotereyi ndi pafupifupi theka la mpata wa paipi ya 150. Zotsatira zake fani imabanika, phokoso limakula, kukoka kumachepa. Paipi ikhale yofanana ndi kamwa la chipangizo, yaifupi ndiponso yoongoka, popeza kukhota kulikonse kumadya mphamvu. Yosalala m'kati imaposa ija yamakwinya yopindika, imene imasunga mafuta m'makwinyamo. Ikamapita kukhoma ipendekere pang'ono kunja kuti madzi a nthunzi asabwerere m'poto, ndipo kunjako kukhale chivindikiro chodzitseka chokha chotchinga mvula, mavu ndi makoswe.

Pa za kutalika, mawu omaliza ali m'kabuku kobwera ndi chipangizo, kamene amisiri ambiri amakataya pamodzi ndi katoni. Opanga ambiri amanena masentimita 65 kuchokera pa kuka ya magetsi, ndi masentimita 75 pa ya gasi. Chikatsika kwambiri chimapsa ndi malawi, wophika amagunda mutu, ndipo mthiko umasowa malo pa poto wamkulu wa nsima. Chikakwera kwambiri utsi umabalalika usanafike pa fani. M'lifupi mwake chisachepere kuka: kuka ya masentimita 60 ifuna cha 60 kapena choposerapo, ya 90 ifuna cha 90.

Mphamvu yake imalembedwa pa katoni, kusonyeza makyubiki mita a mpweya amene chimakoka pa ola. Kawerengedwe kodziwika ndi kochulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa khitchini, kenako kuchulukitsa ndi 10. Khitchini ya mamita 4 ndi 3, yotalika mamita 2.7, ili ndi makyubiki mita 32, choncho ifuna chipangizo chokoka 320 pa ola kapena kuposa. Wogula wopita kusitolo ndi nambala imeneyi sapusitsidwa ndi kunyezimira. Komanso mpweya wotuluka uyenera kulowedwa m'malo ndi wina. Khitchini yotsekedwa ponseponse imafoola fani, ndiye windo likhale lotsegula pang'ono pophika.

Pokhoma, mmisiri ayambe waona mtundu wa khoma. Nyumba zambiri zatsopano ndi za mabuloko a simenti okhala ndi mphako, ndipo mapulagi a pulasitiki amene amagwira bwino m'njerwa yootcha amatha kusolokamo. Chipangizo chogwedezeka tsiku lililonse pamwamba pa mafuta owira chifuna mabawuti oyenera khomalo. Asanaboole adziwenso pamene padutsa waya wamkulu wa kuka, yemwe kawirikawiri amakhala m'khoma lomwelo.

Magetsi si malo oyeserera. Chokokera utsi chimadya magetsi ochepa, kotero sichiyenera kungolumikizidwa ku waya wa kuka, chifukwa chotetezera cha kuka ndi chachikulu ndipo sichingazime msanga kawaya kakang'ono kakayamba kupsa. Chikhale ndi soketi yakeyake, fyuzi yaing'ono, ndi waya wa earth ngati opanga anauikapo. Katundu wochokera ku South Africa nthawi zambiri amabwera ndi pulagi ya mano obulungira imene silowa m'masoketi a kuno. Njira yake ndi kusintha pulagi, osati kudula n'kusomeka mawaya. Ntchito imeneyi ndi ya mmisiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA, osati kalipentala amene wangomaliza makabati.

Ena anganene kuti si aliyense angaboole khoma. Zoonadi, wokhala nyumba ya lendi alibe ufulu wotero, ndipo khitchini zina zili pakati pa nyumba. Kwa oterewa kuli njira yoti chipangizo chizisefa mpweya n'kuubwezera m'chipinda. Njirayi imachepetsa mafuta ndi fungo, koma imadalira sefa ya makala imene imafunika kusinthidwa pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, malinga ndi kaphikidwe. Sefayi nthawi zambiri imagulitsidwa payokha, ndiye wogula afunse ngati ili m'katoni, mtengo wake, ndiponso ngati sitoloyo imakhala nayo nthawi zonse. Wogulitsa woona mtima ayenera kunena poyera kuti njirayi sichotsa nthunzi ngakhale pang'ono. Eni nyumba za lendi nawonso aganize bwino: bowo limodzi loboola pomanga ndi lotchipa kuposa kupenta khitchini nthawi iliyonse wa lendi akasamuka.

Choopsa koposa ndi chikhulupiriro chakuti kukhala ndi chipangizochi ndi chilolezo cholowetsa mbaula m'nyumba. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka, sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo. Sefa ya makala siugwira mpweya umenewu. Komanso nthawi imene banja limakumbukira mbaula ndi pamene magetsi a ESCOM athima, ndipo pamenepo fani nayo yaima. Mbaula malo ake ndi panja. Wophikira gasi magetsi atathima atsegule mawindo. Banja limene limaphika pa makala masiku onse lichita bwino kuika ndalamazo pa khitchini ya panja yopita mphepo kusiyana ndi kugula chipangizo chimene silichigwiritsa ntchito.

Chikaikidwa bwino chifunanso chisamaliro. Sefa ya chitsulo itsukidwe ndi madzi otentha ndi sopo kamodzi pamwezi, kapena kawirikawiri ngati pakhomo pamakazingidwa za geni. Sefa yodzaza mafuta sikoka, ndiponso sichedwa kugwira moto.

Zonsezi zimayambira pa kotesheni. Mwini nyumba aumirire kuti palembedwe kukula kwa paipi, kumene idzatulukire, chivindikiro cha kunja ndi amene adzalumikize magetsi. Mmisiri wolemba zimenezi adzaoneka wodula poyerekeza ndi mnzake wongokhoma, koma iyeyo ndiye akugulitsa ntchito yathunthu, ndipo makasitomala ake ndiwo adzamuitanira ena. Ntchito ikatha, ndalama yomaliza isaperekedwe chipangizo chisanayesedwe. Fani ikayatsidwa, pepala loikidwa pa sefa liyenera kumatirira lokha, ndipo munthu woima panja amve mphepo ikutuluka pabowo. Ngati panja pali zii, mmisiri abwererenso pa makwerero.