Kangolo kakumbuyo kwa njinga yamoto



Nkhani yathu ulendo uno ikuchokera kumtunda kuno ku Ntcheu, kwawo kwa kachewere, kabichi ndi matimati amene mumagula m'misika ya kunyanjako. Chichulukireni njinga zamoto m'zaka za m'ma 2010, zija za Lifo ndi SanLG, katundu wambiri wochoka m'minda ya ku Tsangano ndi ku Lizulu amafika pamsewu wa M1 atamangidwa pa keriyala ya wakabaza. Tsono mtima wa munthu sukhuta. Wanyamula thumba limodzi afuna awiri, ndipo posakhalitsa ganizo limabwera lakuti apite kwa wowotcherera zitsulo akamupangire kangolo, kamene ena amati kalavani, koti azikoka kumbuyo.

Ganizoli ndi labwino ndithu, ndipo amisiri athu luso ali nalo. Koma ambiri amalakwa pa funso loyamba lenileni. Amafunsa kuti, "Kodi njingayi ingakoke matumba angati?" Kukoka sikuvuta, pamalo athyathyathya ngakhale mnyamata amakankha ngolo yodzaza. Funso loyenera ndi lakuti njingayo ingaimitse matumba angati, pakuti kangolo kopangira pakhomo sikakhala ndi mabuleki akeake. Kulemera kwake konse kumadalira mabuleki a njinga, amene anapangidwira anthu awiri ndi kachikwama basi.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Ku Britain lamulo limati kangolo kokokedwa ndi njinga yamoto, pamodzi ndi katundu wake, kasapyole makilogalamu 150 kapena magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa njingayo, ndipo pa ziwirizi amatenga chochepacho. Limatinso m'lifupi kasapyole mita imodzi. Limenelo si lamulo lathu ayi, koma masamu ake ndi othandiza, chifukwa chitsulo sichidziwa malire a dziko. Njinga za 125cc ndi 150cc zimene zadzaza m'misewu muno zimalemera pafupifupi makilogalamu 120. Magawo awiri mwa atatu ndi makilogalamu 80. Kangolo kakalemera 30 pakokha, atsala ndi 50, ndiye kuti thumba limodzi la chimanga. Limodzi lokha!

Wina anena kuti, "A Mwalimu, nanga phindu lake lili pati? Thumba limodzi ndimanyamula kale pa keriyala." Zoona. Phindu la kangolo lili pa katundu wotenga malo koma wopepuka. Apa inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ndinu amwayi kuposa ife. Usipa wouma, utaka, mikeka, madengu, zigubu zopanda kanthu, zonsezi zimavuta kumanga pa njinga, zimatuluka m'mbali ngati mapiko, ndipo usipa ukapanikizidwa ndi mphira umafumbutuka, mtengo n'kugwa. M'kangolo umakhala bwinobwino. Koma amene akufuna kutsitsa matumba anayi a kachewere kuchoka ku Tsangano, ameneyo asavutike ndi kangolo, apangane ndi wa lole kapena wa ngolo ya ng'ombe.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani, polumikizira kangolo ndi njinga. Njinga yamoto ikamakhota imapendekeka, pomwe kangolo ka matayala awiri kamakhala chilili. Choncho cholumikiziracho chiyenera kulola mayendedwe atatu: kukhotera kumanja ndi kumanzere, kukwera ndi kutsika podutsa m'zigwembe, ndi kupotoloka pamene njinga yapendekeka. Amisiri ambiri amatengera nzeru ya ngolo ya ng'ombe, kuboola chitsulo n'kulowetsapo bawuti. Bawuti yotere imalola kukhota kokha. Pakona njinga ifuna kugona, kangolo kakukana, ndiye pachitika chimodzi mwa ziwiri: powotcherera pathyoka, kapena woyendetsa alephera kukhota n'kupita chowongoka kutchire.

Mankhwala ake si odula. Kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akutha kumapezeka kamtanda ka propshaft, kamene amakaniko amati universal joint. Kameneka kamapereka mayendedwe awiri oyambawo. Lachitatu mumalipeza polowetsa paipi yaing'ono m'kati mwa yokulirapo pa mkono wa kangolo, kuti izizungulira momasuka m'girizi, n'kutsekera kumapeto ndi nati yaikulu yokhomedwa pini kuti isasololoke. Musanalipire mmisiri, gonekani njingayo kumanja ndi kumanzere kangolo kali kolumikizidwa. Tayala lina la kangolo likanyamuka, ntchito sinathe. (Kulinso tingolo ta tayala limodzi timene timapendekeka pamodzi ndi njinga. Timeneto ndiye sitifuna paipi yozungulirayi, ndipo timayenda bwino m'tinjira ta kumunda, kungoti timanyamula zochepa.)

Cholumikiziracho chisamangidwe pa keriyala. Keriyala ili pamwamba ndipo imagwidwa ndi timabawuti tating'ono, ndiye kangolo kakakankha pamenepo kamapeputsa tayala lakumbuyo nthawi imene mukulifunitsitsa. Zitsulo ziwiri zichokere pa felemu ya njinga mbali zonse, zikakumane kumbuyo kwa tayala, motsika kufanana ndi pakati pa tayalalo. Pakhalenso tcheni chapadera, kuti tsiku limene bawuti idzaduke kangolo kasadzalowe kokha mumsika.

Za matayala ndinene mwachidule. A wilibala ayi, sanapangidwire liwiro ndipo amatentha. A njinga yakapalasa amapindika, chifukwa masipoko ake sapirira kukankhidwa cham'mbali. Pezani awiri ofanana akutsogolo a njinga yamoto, okhala ndi maberingi abwino. Mmisiri ayeze ndi chingwe kuchoka polumikizira kufika pa tayala lililonse, ndipo miyeso iwiriyo ifanane, apo ayi kangolo kadzayenda chankhanu n'kumadya matayala. Mkono ukhale wotalikirapo, chifukwa waufupi umavinitsa kangolo. Penti asakunyengeni, akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Muone powotcherera penti asanapakidwe.

Kapakidwe ka katundu nako n'kofunika ngati kapangidwe. Cholemera chikhale pansi, pamwamba pa matayala kapena patsogolo pake pang'ono, ndipo chimangidwe kuti chisasunthe. Pafupifupi gawo limodzi mwa khumi la kulemera konse lizitsamira polumikizira. Kuyeza kwake n'kosavuta: kolekani nsonga ya mkono pa sikelo yolendewera ija ya ogula mbewu, ndipo pa kangolo ka makilogalamu 80 iwerenge cha m'ma 8. Katundu akachuluka kumbuyo, mkono umanyamula njinga, kangolo n'kuyamba kugwedeza mchira uku ndi uku, ndipo liwiro likamakwera kugwedezako kumakulanso. Zikatero musaponde buleki mwadzidzidzi, bwezani moto pang'onopang'ono mpaka kakhazikike.

Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwelere, wochoka pa Masasa kupita ku Golomoti, akudziwa chifukwa chake ndikulimbikira za mabuleki. Ndiyo njira yachidule pakati pa misika yakumtunda kuno ndi Monkey Bay, makona okhaokha, kutsika mamita mazanamazana. Njinga zambiri zotsika mtengozi mabuleki ake ndi a dramu, amene akagwiridwa nthawi yaitali amatentha n'kusiya kugwira. Wokoka kangolo alowe giya yaikulu, wani kapena thuu, asanayambe kutsika, injini ndiyo izibweza njinga. Achepetse liwiro njinga ili chowongoka, asanalowe pakona, chifukwa buleki yapakati pa kona imachititsa kangolo kukankhira tayala lakumbuyo kumbali. Chizolowezi chija chozimitsa injini pamtsetse pofuna kupulumutsa petulo, wa kangolo achiiwaliretu.

Kangolo kamabisa nyali yakumbuyo ya njinga, ndipo pa M1 usiku pamadutsa mathiraki ochokera kuchipata cha Dedza. Kaikidwe nyali yofiira yoyaka pamodzi ndi buleki, ndi zonyezimira m'makona onse. Nkhani za m'misewu yathu zimayendera lamulo la Road Traffic Act la 1997, ndipo olembetsa ndi kuyeza zoyenda pamsewu ndi a Directorate of Road Traffic and Safety Services. Pitani mukawafunse zofunika musanagule ngakhale paipi imodzi, kuopa kudzakangana ndi apolisi a pamsewu ndalama zitapita kale.

Pali chinthu chimodzi chimene monga mphunzitsi sindingachilekerere. Kangolo kakafika pakhomo, ana amakakonda, ndipo bambo wachifundo angaganize zowatengeramo kusukulu m'mawa kapena kumadrasa masana. Chonde makolo anzanga, m'kangolo ka katundu musakwere mwana, ngakhale mayi wodwala. Wina adzatchula ma ambulansi a njinga zamoto a eRanger amene ankathandiza amayi oyembekezera ku Makanjira m'boma la Mangochi m'zaka za m'ma 2000. Amenewo bedi lake linali pambali pa njinga, lomangidwa ku felemu ndi akatswiri, woyendetsa akumuona wodwala. Wokhala m'kangolo ali kumbuyo kosaoneka, m'fumbi ndi muutsi, ndipo tayala limodzi likagunda mwala kangolo kopepuka kamagudubuka woyendetsa asanamve n'komwe.

Kangolo kakatha, tsiku loyamba si la kumsika. Pitani pabwalo la mpira ana atalowa m'kalasi. Zungulirani kopanda katundu, kenaka muikemo theka, kenaka muyeso wonse, ndipo ulendo uliwonse lembani mzere pansi muone mtunda umene mukuimira mutagwira buleki. Mukatha gwirani pakati pa matayala ndi dzanja: pakatentha moti simungapirire, maberingi amangidwa mothina kapena girizi wachepa. Manati onse akungidwenso pakatha sabata yoyamba, makamaka aja a polumikizira.