Mudzi Ungalere Mwana, Koma Osati Chimanjamanja

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la anthuwa anali asanakwanitse zaka 18. Palibe boma, ngakhale litalemera chotani, limene lingalembe ntchito aphunzitsi, alangizi ndi apolisi okwanira kuyang'anira ana ochuluka chonchi. Maola amene mwana amakhala m'kalasi ndi ochepa. Nthawi yotsalayo amakhala pamjigo, kudimba, pabwalo la mpira, kutchalitchi kapena kumzikiti, pakati pa anthu amene palibe amawalipira kuti amuone. N'chifukwa chake boma ndi mabungwe masiku ano akulimbikira kunena kuti tsogolo la ana lili m'manja mwa mudzi, ndipo chofunika n'kulimbikitsa mphamvu zimene mudziwo uli nazo kale. Mfundoyi ndi yoona ndipo ndikugwirizana nayo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti tikamati mudzi ulere ana, kawirikawiri amene akusenza mtolowo amakhala amayi angapo osauka, ogwira ntchito ya dziko lonse osalandirapo kanthu. Mphamvu za mudzi zilipodi, koma zimatha msanga ngati sizikulandira chakudya, ndalama ndi chitetezo cha lamulo.

Umboni woti mudzi ungathe suvuta kuupeza. Sukulu za mkombaphala zinafalikira m'midzi m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene Edzi inkasiya ana amasiye pakhomo lililonse, ndipo zambiri zinayambitsidwa ndi anthu eniake: mfumu kupereka malo, abambo kuumba njerwa kapena kuzika chisakasa, amayi kusonkha chimanga ndi nkhuni. Bungwe la Mary's Meals, lomwe linayambira ku Malawi kuno mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, limabweretsa ufa wa likuni, koma amene amalawira m'bandakucha kukasonkha moto ndi kutakasa phala ndi makolo a m'deralo. Chitsanzo chimene chinamveka mpaka kunja ndi cha Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza. Mayiyu anagwira ntchito ya usekilitale pa koleji ina ku Zomba kwa zaka zambiri asanaitanidwe kudzalowa ufumu, ndipo atafika anapeza atsikana a zaka 12 ndi 13 ali ndi ana kumbuyo. Anasainitsa mafumu a pansi pake pangano lothetsa maukwati a ana, anaimitsa paudindo amene anapitiriza kuwaloleza, ndipo anakhazikitsa makolo m'midzi oti azimutsina khutu mwana akachotsedwa sukulu. M'zaka zitatu zokha maukwati oposa 800 anathetsedwa. Chimene chinagwira ntchito pamenepa ndi ulemu umene anthu amapereka kwa mfumu, ndiponso mfundo yakuti m'mudzi palibe ukwati umene ungachitike anthu osadziwa. Wapolisi wochokera kuboma sangadziwe zimene ankhoswe anakambirana usiku. Woyandikana naye nyumba amadziwa.

Koma tikayang'ana bwino sukulu za mkombaphala zomwezo tiona pamene pathera mphamvu ya mudzi. Ofufuza amene anayendera sukuluzi m'maboma a Balaka, Thyolo, Dedza ndi Nkhata Bay, pa ntchito imene inathandizidwa ndi World Bank, anapeza kuti zambiri zimene zinali m'kaundula wa boma zinali zotseka, ndipo chifukwa chimene chinkatchulidwa kawirikawiri chinali kusowa kwa chakudya. Aliyense wodziwa moyo wa kumudzi angathe kulosera mwezi wake. Ikafika Januwale nkhokwe zapita, kholo silingasonkhe ngakhale mbale imodzi ya chimanga, phala limasiya kuphikidwa, ana amasiya kubwera, ndipo mlezi, yemwe nayenso ali ndi ana ake ofuna kudya, amanyamula khasu kukasaka ganyu. Choncho sukulu imatseka nthawi yeniyeni imene mwana akufunikira phalalo kuposa miyezi ina yonse, m'dziko limene kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ku Zomba, Save the Children ndi ofufuza a IFPRI anayesa njira ina pa sukulu 60 za mkombaphala: theka la sukuluzi linalandira mbewu, nkhuku ndi maphunziro a ulimi ndi kaphikidwe kuti makolo azilima munda wa sukulu. Patatha chaka, ana a m'midzi imeneyi ankadya zakudya zamagulu ambiri, ndipo phindu linafika ngakhale kwa azing'ono awo amene anali asanayambe sukulu. Anthu ake anali omwewo, mtima wawo womwewo. Chimene chinasintha n'chakuti anapatsidwa poyambira.

Pali ena amene amakayikira nkhani yonseyi yodalira mudzi, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Iwo amati mudzi womwewo ndi umene umakwatitsa mwana wa zaka 14 kuti pakhomo pachepe pakamwa, umene m'madera ena umauza mtsikana wotuluka kuchinamwali kuti akasase fumbi, umene umabisa amalume ogwirira mwana ponena kuti za pachibale zithere pachibale. Kafukufuku yemwe uja wa mu 2015 ndi 2016 anasonyeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Ndipo pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana n'kubwerera m'manja mwa midzi yawo kwa miyezi ingapo, boma linawerenga maukwati a ana pafupifupi 13,000 ndi mimba za atsikana zoposa 40,000. Amenewa si manambala oti munthu angawalambalale. Akutiuza kuti mudzi ukasiyidwa wokha, wopanda sukulu ndi wopanda diso la boma, ana ambiri amagwa m'mavuto. Komabe sakutiuza kuti tiutaye mudziwo. Inkosi Kachindamoto inalimba mtima kwambiri chifukwa kumbuyo kwake kunabwera lamulo la maukwati la mu 2015 loika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, kenako aphungu mu 2017 anakonza malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale chilolezo cha makolo chisatsegule khomo limenelo. Lamulo lokha silikanalowa m'nyumba za ku Dedza, ndipo mfumu yokha ikanatha kutsutsidwa kuti ikuphwanya mwambo. Chimodzimodzinso ndi chinamwali. Anamkungwi ali ndi mwayi umene mphunzitsi aliyense amausirira, wokhala ndi atsikana masiku angapo akumvetsera mwachidwi. Kuletsa mwambowo kumangousamutsira kobisika. Chanzeru n'kukambirana ndi anamkungwi za zimene akuphunzitsa, msinkhu wa ana olowa kutsimba ndi nyengo yake kuti isawombane ndi sukulu, kwinaku wogwirira mwana akupita kukhoti, osati kukalipa mbuzi pabwalo la mfumu.

Ena amatsutsa kuchokera mbali ina. Amati gwero la zonsezi ndi umphawi, ndiye m'malo motaya ndalama pa makomiti ndi misonkhano, apatseni makolo ndalamazo m'manja monga zimachitikira pa Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006. Nawonso ali ndi umboni. Ku Zomba mu 2008 ndi 2009, ofufuza ankapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana ndi makolo awo. Amene ankalandira pa pangano loti azipita kusukulu anapitirizadi sukulu kuposa anzawo, ndipo pakati pa amene ankalandira popanda pangano lililonse mimba ndi maukwati zinachepa. Koma ofufuzawo atabwerera patapita zaka ziwiri ndalama zitasiya, zambiri mwa zabwinozo zinali zitafufutika. Chilungamo chake n'chakuti vuto lomweli linaonekanso pa sukulu za mkombaphala za m'maboma anayi aja: kumene alezi anaphunzitsidwa pamodzi ndi makolo, ana anapita patsogolo pa kalankhulidwe ndi kakhalidwe, koma atalowa ku pulayimale kusiyanako sikunaonekenso. Ine ndikuona phunziro limodzi m'kafukufuku awiri onsewa. Thandizo la zaka ziwiri silingalere munthu amene amatenga zaka 18 kuti akule. Ndalama imachotsa njala imene imakankhira mtsikana kwa mwamuna wamkulu, koma ikatha pamafunika wina woti aone kuti mwana uja sanapite kusukulu sabata yonse n'kukagogoda pakhomo pake. Ntchito imeneyi ndi imene amayi a mother group amagwira m'sukulu zambiri, ndipo ndi iwo amene amathandiza mtsikana wobereka kubwerera m'kalasi, monga ndondomeko ya boma yakhala ikulolera kuyambira mu 1993. Mapulojekiti amabwera n'kupita. Amene amatsala ndi anthu amenewa.

Ndiye funso lenileni n'lakuti anthu otsalawa tiwagwiriziza bwanji. Boma linayamba kupereka kangachepe kwa alezi ena a mkombaphala, koma ambiri sanafikiridwe. Alipo amene amaopa kuti kulipira kupha mtima wodzipereka, kuti mawa munthu sadzatola mwana wa mnzake pamsewu popanda alawansi. Mantha amenewa ali ndi pogwira, chifukwa taona m'midzi misonkhano ya chitukuko imene anthu sabwera akamva kuti kulibe kanthu. Koma tisiyanitse zinthu. Kudzudzula mwana wa mnansi ndi umunthu, ndipo sikufuna malipiro. Kukhala ndi ana makumi anayi m'mawa uliwonse, Lolemba mpaka Lachisanu, munda wako uli m'tchire, ndi ntchito. Palibe amene amanena kuti malipiro anaononga mtima wa alangizi a zaumoyo a m'midzi. M'malo mwake anachititsa kuti akhazikike ndipo zimene anaphunzira zisatayike. Mlezi wophunzitsidwa akasiya chifukwa cha njala, ndalama zonse zomuphunzitsira zapita naye. Akuti boma lilibe ndalama akumbukire 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mpaka lero tikulipira chifukwa cha ana amene amafika mu Sitandade 1 osakonzeka, n'kubwereza kalasi, n'kusiya. Malipiro a mlezi ndi thumba la mbewu za munda wa sukulu n'zotchipa poyerekeza ndi zimenezo.

Gulu limene laiwalika kwambiri ndi la anyamata a zaka 13 mpaka 17. Mtsikana ali ndi mother group, wamng'ono ali ndi mkombaphala, koma mnyamata wosiya sukulu amalandiridwa ndi shedi ya kabaza, nyumba ya kanema ndi ogulitsa kachasu. Ameneyu ndi amene mawa adzapereke mimba kapena kuuyamba ulendo wa ku Joni opanda chikalata. M'midzi yambiri munthu yekhayo amene anyamatawa amamumvera ndi wophunzitsa timu ya mpira, kalipentala wa pamsika kapena mtsogoleri wa kwaya, ndipo m'ndondomeko za chitukuko za maboma athu anthu amenewa satchulidwa n'komwe. Makhonsolo atayamba ndi kuwalemba mayina, kuwaphunzitsa za chitetezo cha ana ndi kuwagulira mipira ndi zipangizo, angafikire anyamata ambiri kuposa amene amafikiridwa ndi msonkhano wa masiku atatu ku hotela ya kunyanja.