Mwana Wothamangitsa Mbalame Pagombe Asaomberedwe M'manja

Pajatu akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu ndi woyenera kuutenga paulendo wa kunyanja ya mchere, makamaka kwa mabanja a Amalawi okhala ku Britain amene amapita ndi ana kukapuma ku Hunstanton, m'chigawo cha Norfolk.

Nyanja ya Malawi ilibe khalidwe lodzaza ndi kuphwa tsiku ndi tsiku. Nyanja ya mchere imatero kawiri patsiku, chifukwa mwezi umakoka madzi, ndipo pakati pa kudzaza kumodzi ndi kunzake pamapita maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25. Madzi akaphwa m'dera lotchedwa The Wash, pamatsala matope aakulu osaoneka malire. Matopewo ndiwo munda wa mbalame.

Kummwera kwa Hunstanton kuli Snettisham, malo amene bungwe la RSPB, lomwe linayamba mu 1889, limasamalira. Kumeneko kumasonkhana timbalame totuwa totchedwa knot, tosaposa njiwa kukula kwake. Timaswana ku Greenland ndi kumpoto kwa Canada, ndipo timawoloka nyanja ya Atlantic kudzapulumukira chisanu kugombeli. Chakudya chake ndi tinkhono ta m'matope, timene kambalameka kamameza ndi chigoba chomwe, nthutumba n'kumaphwanya. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, madzi amadzaza kwambiri mpaka kumiza matope onse. Pamenepo mbalame zikwizikwi zimadzambatuka pamodzi, n'kumapindika mumlengalenga ngati utsi wa lupsa, kenaka n'kukatera m'maiwe a kuseri kwa gombe kudikira kuti madzi abwerere.

Tsono vuto lili apa. Mwana akaona khamu la mbalame zitatera, miyendo imamuyabwa. Amathamangira pakati pake, galu ali pambuyo, mbalame n'kubalalika, makolo ali kuseka ndi kujambula pafoni. Agogo amene abwera kudzacheza kuchokera kumudzi mwina ndiwo amayamba kuomba m'manja, ndipo sitinganene kuti ndi nkhanza: kumudzi kuingitsa mbalame ndi ntchito ya mwana wabwino. Amene anakulira ku Chikwawa kapena ku Karonga amakumbukira kulindira mapira ndi mpunga kuyambira mbandakucha, legeni ili m'khosi. Koma mpheta zija zinkaba dzinthu za mwini. Mbalame za pagombe sizidya cha munthu aliyense, ndipo nthawi yake yodyera ndi yowerengeka, pakuti matope amaonekera maola ochepa chabe. Nthawi ya madzi odzaza ndiyo yopuma. Kuuluka kulikonse kwa mantha kumatentha mafuta amene mbalameyo yasunga kuti ipirire chisanu ndi kudzabwerera kwawo. Mwana mmodzi sangaphe khamu lonse, inde. Koma gombe la tchuthi siliona mwana mmodzi patsiku.

Ena amati mwana ndi mwana, ndalama za tchuthi zalipidwa, asiyeni asangalale. Mawuwa akuiwala kuti mwambo wa makolo sunali wosaka ndi kuingitsa kokha. Chisa cha nantchengwa sichinkapasulidwa, ndipo mwana ankauzidwa zimenezi asanadziwe n'kuwerenga komwe. Namzeze akafika, anthu ankadziwa kuti dzinja layandikira; ambiri sankadziwa kuti ena mwa anamzezewo achokera ku Ulaya. Kuyang'anitsitsa mbalame si chinthu chachilendo chobwera ndi azungu. Chachilendo ndi magalasi oonera patali okhawo.

Ndipo mwana wodekha amapeza zambiri kuposa wothamanga. Amaona kuti ya mlomo wautali wopindika imafufuza pansi penipeni, ya mlomo wofiira imatsegula zigoba, pamene tating'onoting'ono timathamanga motsatira funde. Akafunsa za godwit, auzidwe kuti mu 2022 mwanapiye wa mtundu umenewu anauluka kuchokera ku Alaska kukafika ku Tasmania, makilomita oposa 13,000, masiku 11 osatera.

Banja lofuna kuona zimenezi liyambe layang'ana ndandanda ya nthawi za madzi, lifike madzi asanadzaze, galu akhale pachingwe, ndipo onse aime pamtunda. Kutsika m'matope n'kuika moyo pachiswe: madzi obwerera amayamba adzaza makwawa a kumbuyo kwa munthu. Ndi mmene anthu oposa 20 ochokera ku China, otola nkhono, anamirira ku Morecambe Bay mu February 2004.