Ndemanga: Manachesi ndi a ku Neno, dzina ndi la ku Mwanza

Mukagula manachesi pa Zalewa kapena mumsika wa Limbe nyengo yozizira, wogulitsa amakuuzani kuti ndi a ku Mwanza. Mukafunsitsa mupeza kuti madengu ambiri atsika kumapiri a ku Neno, boma lomwe linapatuka ku Mwanza mu 2003 ndipo kalembera wa 2018 anapezako anthu oposa 138,000.

Amene sanafikeko samadziwa kuti Neno ili pawiri. Kumtunda, cha kwa Dambe, m'mapiri a Kirk Range oyandikana ndi Mozambique, kumazizira moti m'mawa wa mu June mlimi amayamba waothera moto asanagwire khasu. Kumeneko kumachoka mbatata ya kachewere, nyemba, manachesi komanso tirigu, mbewu yomwe dziko lino limawonongera ndalama zakunja poitanitsa. Mukatsetsereka kulowera ku Lisungwi ndi kwa Symon, kufupi ndi mtsinje wa Shire, kumatentha, mvula ndi yanjomba, ndipo matumba a makala ondanda m'mbali mwa msewu akukuuzani kumene mitengo yapita.

Nthaka yachita mbali yake, koma msewu ndiye wagwetsa anthu mphwayi. Tala wa M1 ndi wopita ku Mwanza amangolambalala m'mphepete mwa bomali. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala nayonso imadutsa momwemo. Koma kumtunda kumene kuli zokolola, mvula ikagwa galimoto imatitimira m'matope, anyamata n'kumaikankha matope ali m'mawondo. Venda amene walimba mtima kukwera mapiriwo ndiye amatchula mtengo, ndipo mayi amene manachesi ake ayamba kufewa m'dengu alibe mphamvu yokana. Msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza wakhala pakamwa pa andale zaka zambirimbiri.

Apa ndi pamene khonsolo iyenera kuonekera. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linati mphamvu zipite kwa anthu, kudzera m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera. Komatu kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lonse linalibe makhansala, kotero Neno inakhala zaka zimenezo popanda womuimirira mlimi pa khonsolo. Lero makhansala alipo, bwanamkubwa alipo, mafumu alipo. Ndalama ya chiphaso imene mayi amalipira pamsika iyenera kubwerera kwa iye ngati shedi yosungiramo zipatso, mlatho wa pakhwawa, kapena mlangizi wothandiza alimi kupanga kopaletivi kuti azigulitsa pamodzi.

Msewu waukulu ndi udindo wa boma la ku Lilongwe, ndipo aphungu a ku Neno asatope kuufunsa m'Nyumba ya Malamulo. Koma timisewu ta kumunda ndi ta khonsolo, ndipo tifunika kukonzedwa m'chilimwe, mvula yoyamba isanagwe.