CHITONGA CHINALAKWANJI?

Anzanga, ndili nanu mlandu, ndipo inenso ndili momwemo.

Kwathu ndi ku Nkhotakota. Mukawoloka Dwangwa kulowera ku Dwambazi mudzamva asodzi akukoka khoka uku akucheza m'Chitonga. Agogo anga ndi a kumeneko. Akandilonjera kuti "Mwe uli?" ine ndimayankha m'Chichewa, pakuti ndili mwana ndinasekedwa m'kalasi, ndipo kuyambira pamenepo ndinatseka pakamwa. Akadzatisiya, nthano zawo ndidzazimva kwa yani?

Timakonda kuloza chala chaka cha 1968, pamene msonkhano wa Malawi Congress Party unakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi. Zoonadi, chinali chilonda. Koma malamulo aakulu a dziko a 1994, mu gawo 26, amapatsa aliyense ufulu woyankhula chiyankhulo chimene afuna. Nanga lero akutiletsa ndani? Mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Mabuku sanakwane, ife ophunzira tinangoti zii. Lamulo la maphunziro la 2013 litabwezera zonse ku Chingerezi, tinakhalanso chete.

Vutoli si lathu lokha. Kumapiri a Caucasus kuli anthu otchedwa Lezgi. Mtsinje wa Samur umadutsa pakati pawo, ndipo mu 1991 unasanduka malire a mayiko awiri: ena ali ku Dagestan m'dziko la Russia, ena ku Azerbaijan. Ana awo ambiri a m'matauni akukula ndi ziyankhulo za maboma. Komabe ku Makhachkala amasindikiza nyuzipepala yawoyawo, Lezgi Gazet. Iwo akulemba. Ife tikudikira chiyani?

Musanene kuti Chitonga n'chosauka. Ndi chiyankhulo cha Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Ndi cha Elliot Kamwana ndi Orton Chirwa. Chosauka ndi mtima wathu, umene umayesa mwana wa msodzi mbuli chifukwa cha katchulidwe kake.

Sindikunyoza Chichewa, ndikulemba m'Chichewa chomwecho. Koma ife amene chathu chinakwezedwa tisaiwale kuti amnzathu analipira.

Aphunzitsi athu, akonzi athu, pempho langa ndi limodzi: magazini ikubwerayi ikhale ndi tsamba la Chitonga. Ine ndipita kwa agogo pa tchuthi ndi kope m'manja. Wondiseka aseke.