Magetsi pa Msana: Kodi Wovulala wa ku Chongoni Angapindule Nawo?

Ku Chongoni msana sumapuma. Anthu amagwetsa mitengo ya paini, kucheka matabwa, kusenza nkhuni kutsika nazo m'mapiri, ndi kukankha njinga zodzaza matumba a kachewere kukafika pa msewu wa M1, pamene akabaza amalimbirana njira ndi maminibasi. Mtengo ukagwera munthu, kapena njinga yamoto ikamuponya, fupa la msana limatha kuthyoka, miyendo n'kufa. Choncho mbiri yoti madokotala akunja akudzutsa ziwalo zakufa ndi magetsi ndi yofunika kuisanthula bwino.

Mtsempha wa msana, umene umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi, umalandira magazi kudzera m'mitsempha itatu yopyapyala yotsata m'litali mwake, umodzi kutsogolo, iwiri kumbuyo. Kuwonongeka kwake sikuthera pa ngozi pomwepo. Povulalapo pamatupa, timitsempha ta magazi timapanikizika, ndipo maselo amene anapulumuka amafa pang'onopang'ono posowa mpweya. Ngati munthu wavulala m'khosi kapena kumtunda kwa msana, BP imagwanso, chifukwa ubongo sukuthanso kulamula mitsempha ya magazi. N'chifukwa chake malangizo a 2013 a madokotala a opaleshoni ya ubongo ku America amati BP yapakati ya wovulala isungidwe pa 85 mpaka 90 mmHg kwa masiku 7.

Okhulupirira magetsi ali ndi mfundo zomveka. Mu 1967 Norman Shealy anaika timawaya pa mtsempha wa msana pofuna kuletsa ululu. M'zaka za m'ma 1970 madokotala anaona chinanso: odwala amene magazi sankayenda bwino m'miyendo mwawo akawaika timawaya totere ankayamba kumva kutentha kumapazi, ndipo ena zilonda zinkapola. Magetsiwo amafooketsa mauthenga ofinya mitsempha ya magazi, komanso amachititsa minyewa kutulutsa mankhwala otchedwa CGRP amene amatakasa mitsempha. Mu 2018, ku Louisville, awiri mwa odwala anayi akufa miyendo anayenda ndi zogwirira atawaika timawaya. Mu 2021 magazini ya Nature inafalitsa kafukufuku wa gulu la Grégoire Courtine wa ku Lausanne ndi Aaron Phillips wa ku Calgary, wosonyeza kuti magetsi oikidwa chakumunsi kwa msana wa pachifuwa amakweza BP yakugwa n'kuikhazikitsa. Anayesa pa makoswe, anyani ndi munthu mmodzi.

Okayikira nawo sakungolankhula. Umboni wambiri wa kayendedwe ka magazi m'kati mwenimweni mwa mtsempha wa msana unachokera ku nyama. Pa anthu n'kovuta kuyeza. Amene anayenda aja ndi ochepa, osankhidwa mosamala, ndipo anachita fiziyo miyezi yambirimbiri. Kachipangizo kake kamafuna opaleshoni, kamadya madola zikwi makumi angapo, timawaya timatha kusuntha, bala n'kulowa tizilombo. Onaninso kuti magetsi omwewo pena amatakasa mitsempha, pena amaifinya, malinga ndi pamene aikidwa ndi mphamvu yake. Wovulala kumtunda kwa msana BP yake imatha kukwera mwadzidzidzi mpaka kuika moyo pachiswe. Choncho timakina tonjenjemeretsa khungu togulitsidwa ngati mankhwala a chilichonse si tomwe tikukambidwa pano, ndipo wodwala asatiyesere popanda dokotala.

Mbali zonse ziwiri zikugwirizana pa chinthu chimodzi: mtsempha wa msana umapulumuka ndi magazi, makamaka m'maola ndi masiku oyambirira. Apa ndi pamene wa ku Chongoni amagonja kapena kupambana. Wovulala wa ku Mphunzi kapena Chencherere akapindidwa n'kukwezedwa pa njinga yamoto, fupa lothyoka limapitiriza kupsinja mtsemphawo. Akagonekedwa chagada pa thabwa kapena chitseko, mutu ndi khosi zosagwedezeka, amafika ku chipatala cha boma ku Dedza ali ndi mwayi. Kuchoka apo pali makilomita oposa 80 kukafika ku Kamuzu Central Hospital ndi chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION ku Lilongwe. Akatuluka m'chipatala, adani ake ndi zilonda za pogonera ndi matenda a chikhodzodzo, zimene zimapewedwa pomutembenuza maola awiri alionse ndi ukhondo wa paipi ya mkodzo.

Si kuti magetsi tiwataye. Mu December 2024 bungwe la FDA ku America linavomereza ARC-EX, makina opereka magetsi kudzera pakhungu popanda opaleshoni, othandiza mphamvu ya manja. Njira yotere, ikatsika mtengo, akatswiri a fiziyo ophunzitsidwa ku KUHeS angaiyese mwa kafukufuku ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Koma magetsi amadzutsa minyewa imene yatsala, yakufa sabweza. Ndalama yoyamba ipite ku ambulansi zokhala ndi mafuta, mankhwala okweza BP m'zipatala za m'maboma, ndi kuphunzitsa akabaza, ocheka matabwa ndi alangizi a zaumoyo kanyamulidwe ka munthu wothyoka msana.