Pokonza njinga, mabuleki ayambe, utoto ubwere pambuyo

Njinga ya mountain bike ikalowa pakhomo sichedwa kusintha maonekedwe. Imachoka pa kaunjika ili ndi magiya 18 kapena 21, matayala a manomano ndi kachishalo kowonda. Pakatha zaka zitatu imakhala ili ndi kaliyala wowotcherera kumsika, chishalo chotakata, madigadi ndi belu, ikunyamula feteleza, nkhuni, mwana wa sukulu, mwinanso mayi wodwala wopita kuchipatala.

Kusintha njinga kotereku n'kwanzeru, ndipo mountain bike yeniyeniyo idabadwa mwa njira yomweyi. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, ena mwa iwo Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly, ankatola njinga zakale za Schwinn n'kumaziika mabuleki amphamvu ndi magiya kuti aziyenda nazo m'mapiri. Mu 1981 kampani ya Specialized idayamba kugulitsa Stumpjumper, imodzi mwa njinga zoyambirira za mtunduwu kupangidwa zambiri kufakitale, ndipo mu 1996 mpikisano wake udalowa m'masewero a Olympics ku Atlanta.

Koma njingayi idapangidwa kuti izinyamula munthu mmodzi pamasewero. Pa Lunzu, pa Mponela ndi pa Jenda ikugwira ntchito ya ngolo. Choncho ndalama iliyonse yomwe banja likuika panjingapo iyenera kupita pamene katundu akupweteka, ndipo apa ndi pomwe ambiri akuphonya.

Si zachilendo kuona njinga yopakidwa utoto wowala, ya magalasi awiri ndi khushoni yokongola pakaliyala, koma woyendetsa akafika potsetsereka akuimitsa ndi chidendene cha patapata patayala. Akulu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Choyamba kukonza ndi mabuleki, ndipo akhale onse awiri. Pali chizolowezi chochotsa buleki ya kutsogolo ati poti imagwetsa. Chonsecho njinga ikamaima kulemera kumathamangira kutsogolo, kotero buleki ya kutsogoloyo ndi yomwe imagwira kwambiri. Malabala a mabuleki akatha, chitsulo chake chimadya limu, ndipo limu yodyeka imatha kung'ambika njinga ili paliwiro. Wokanika kugula labala lero adzagula limu mawa, mwinanso kulipira kuchipatala.

Chachiwiri ndi wilo la kumbuyo, lomwe limasenza katundu yense. Mountain bike zambiri zimabwera ndi masipoko 32 kapena 36 owonda. Wofuna kunyamula matumba amangitse wilo la masipoko 36 okhuthala kwa mmisiri wodziwa kukunga, ndipo sipoko imodzi ikaduka aibwezeretse msanga, chifukwa zinzake zimatsala zikusenza katundu woposa mphamvu zawo n'kuyamba kuduka motsatizana. Panjinga za filiwilo ya magiya ambiri ekiselo imapindikanso msanga, kaamba koti mabelingi a mbali ya tcheni amakhala m'kati kwambiri, kutali ndi felemu. Wilo likayamba kugwedezeka, ulendo wa kwa makaniko usadikire tsiku la msika.

Nkhani ya kaliyala ndiyo ikunyenga ambiri. Makaliyala ambiri a kusitolo a njinga zimenezi adapangidwira katundu wa makilogalamu 25, theka la thumba la feteleza. Njinga ya Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2005, ili ndi kaliyala wonyamula makilogalamu 100, koma njinga yonseyo idapangidwira katundu wotero. Kuika kaliyala wa zitsulo zomangira nyumba pa mountain bike kumalimbitsa kaliyalayo basi. Felemu, ekiselo ndi mabuleki zimakhala zomwe zija.

Asadapite kowotcherera, mwini njinga agunditse kaye maginito pafelemu. Akamata, felemuyo ndi yachitsulo ndipo mmisiri wabwino atha kuiwotcherera. Akakana, nthawi zambiri ndi ya aluminiyamu, yomwe sigwira ndi makina wamba a pamsika ndipo moto umaifooketsa. Pafelemu yotereyi kaliyala amangidwe ndi mabawuti, ndipo ikachita mng'alu isanyamulenso munthu.

Tcheni nacho chimadya ndalama mwakachetechete. Mchenga ukasakanikirana ndi oyilo umapera mapini, tcheni n'kutalika, kenako n'kuyamba kudya mano a filiwilo. Kuyeza kwake n'kosavuta ndipo rula ya mwana wa sukulu ikwanira. Patcheni chatsopano mapini amatalikirana theka la inchi, choncho mainchesi 12 amayambira pakati pa pini n'kutheranso pakati pa pini. Pini yomalizayo ikapitirira mzere ndi mamilimita pafupifupi awiri, tcheni chisinthidwe. Ikafika atatu, filiwilo nayo imakhala itapita kale, ndipo ndalama yomwe ikadagula chinthu chimodzi iyenera kugula ziwiri.

Za kuchotsa magiya, njira yomwe munthu amayenda ndiyo iweruze. Ku Salima, Balaka kapena Nsanje, komwe malo ambiri ndi athyathyathya, giya imodzi imachepetsa zowonongeka. Ku Dedza, Ntcheu ndi Thyolo magiya amapulumutsa mawondo ndi nthawi, ndipo kuwataya chifukwa cha waya woduka n'kutaya chomwe njingayo idagulidwira.

Amene akugula kumene afunsenso saizi ya matayala. Mountain bike zakale zili ndi mawilo a mainchesi 26, pomwe zambiri zatsopano ndi za 27.5 kapena 29. Njinga ingaoneke bwino chotani, ngati tayala ndi chubu chake sizipezeka pamsika wapafupi, idzagona m'nyumba nthawi yokolola.

Palibe banja lomwe lingakonze zonsezi mwezi umodzi, ndipo palibe chifukwa chotero. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mwezi uno malabala ndi mawaya a mabuleki, wamawa tcheni, pambuyo pogulitsa mbewu wilo la kumbuyo. Nyale ndi zonyezimira za kumbuyo zisasiyidwe, makamaka kwa oyenda usiku mumsewu wa M1, momwe woyendetsa galimoto amaona njinga yopanda kuwala atafika kale pafupi.

Udindo uliponso kwa ena. Okonza njinga azinena chilungamo pamene felemu yatopa, ngakhale kutero kuwatayitse ntchito ya tsikulo. Magulu a kabaza azikana membala wa buleki imodzi kuima pasiteji. Makolo nawo azigwira mabuleki a njinga mwana asadanyamuke kupita kusukulu, monga momwe amaonera ngati watenga makope.

Ngakhale njinga zamoto zachuluka m'misika, yakapalasa ikadali chuma cha mabanja ambiri, ndipo yosamalidwa bwino imatha kutumikira bambo kenako n'kusiyiridwa mwana. Utoto ndi magalasi zidzabwera nthawi yake ikakwana. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo panjinga phukusilo lili m'mabuleki.